Nsomba zimene zinadya thupi la mwana wanga

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anabadwa chaka chomwe bambo ake anakumba tanke, dziwe lija loweteramo nsomba. Zinthu ziwirizi zinabwera pamodzi, ndipo mpaka lero ndikaganiza chimodzi chinzake chimabwera chokha.

Kwathu ndi m'munsi mwa phiri la Tumbine, kumene madzi amatsika ozizira moti ukamwa mano amawawa. Amuna anga ndi mkamwini. Munda ndi wa amayi, nthochi ndi za amayi, mbuzi ndi za amayi, ngakhale mthunzi umene ankapumirapo masana unali wa amayi. Ndiye tsiku lomwe kunabwera a tekiniko, alangizi a zoweta nsomba, pa njinga yamoto kudzafunsa ngati alipo wofuna kuyesa kuweta nsomba ya mtundu wachilendo, amuna anga anakweza dzanja asanamve n'komwe dzina la nsombayo. Ankafuna kanthu koti anthu aziti n'kawo.

Dzina lake akuti turuta. Si chambo, si mlamba, si chilichonse chimene tinadyapo. Ili ndi mawanga ngati nkhanga, m'kamwa muli timano, ndipo imafuna madzi ozizira oyenda, apo ayi imafa. Zinafika kuchokera kutsidya kwa malire m'matumba apulasitiki otupa ndi mpweya, zing'onozing'ono ngati chala changa chakumapeto, ine nditangotuluka kumene m'chikuta, mwana ali m'manja.

A tekiniko anali munthu wofatsa, wachinyamata, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chiputukezi. Anamanga ukonde pakati pa tanke, nsomba zina uku, zina uko. Anasiya thumba la chakudya, sikelo yokoleka pamtengo yofanana ndendende ndi ya kuchipatala, ndi botolo la madzi obiriwira onunkha adyo. Anati madziwo anafinyidwa ku adyo, chikasu ndi masamba a chammwamba. Za kumanzere tizithira madziwo m'chakudya chake, za kumanja zizidya chopanda kanthu, ndipo mwezi ukatha tizikweza sikelo mbali zonse.

"Tikufuna tione ngati zitsamba zimakulitsa nsomba msanga," anatero. "Ifenso sitikudziwa. N'chifukwa chake tikuyesa."

Amayi anaonerera zimenezi kwa masiku angapo. Muyenera kudziwa kuti amayi ndi amuna anga salankhulana maso ndi maso, ndi mwambo wa upongozi. Mawu awo amadzera mwa ine, ndipo ine ndikachokapo amadzera mu nthochi imene ili pakati pa bwalo ndi tanke. Tsikulo ndinalipo.

"Iwe," anatero amayi, "uwauze apongozi kuti zimene akuchitazi n'zoipa. Ana a nyumba imodzi, ena kuwapatsa mankhwala, ena kuwamana? Zikuonana pa ukondepo."

Amuna anga anali chapafupi pomwepo, atanjuta, akuyang'ana pansi. "Auzeni amayi kuti inenso zimandiwawa. Za kumanjazi zimandiyang'ana."

Kuyambira pamenepo mbali zonse zinayamba kulandira mankhwala, ndipo botolo linatha msanga. Thumba linathanso. Mvula inabwera, kamlatho ka panjira yathu kanakokoloka, njinga ya a tekiniko inasiya kumveka.

Tsono za mwana. Anabadwa wochepa thupi, timiyendo ngati timitengo ta chinangwa, ndipo amayi anapita ku msika wa ku vila, kutauni kwathu, kukagula makungwa a mlambe kwa mayi wina wochokera kumunsi ku Shire, poti kwathu kuno mlambe sumera. Makungwawo amawanyika mu mphika, madzi ake n'kumasambitsira khanda kuti linenepe ngati mtengowo. Koma pali malamulo awiri. Loyamba, madziwo asakhudze mutu, amayambira m'khosi kutsika, chifukwa akakhudza mutu ndiye mutuwo ndi umene umakula. Lachiwiri, madzi amene mwana wasambira satayidwa paliponse. Amawathira patsinde pa nthochi, pomwe munthu sadumphapo, chifukwa atenga thupi la mwana. Zimenezi sindinaphunzire kusukulu, kusukulu ndinalekezera kalasi yachisanu, koma ndinazidziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa.

Ndipo zinagwira. Mwana anayamba kudzaza, ntchafu zinachita mizere, ku sikelo anamwino ankamukoleka m'kakabudula kaja, muvi n'kumasuntha, ine n'kumabwerera kunyumba ndikuyenda ngati ndavala nsapato zatsopano.

Amuna anga anakwera pachulu pomwe foni imagwira, kuimbira a tekiniko. Ndinamva mbali yawo yokha. "Eya shefi. Thumba latha shefi. Madeya okha ayi? Eya." Atatsika anati nsombazi si za madeya okha, zimafuna ndiwo: matemba, ngumbi, soya, mazira. Za mankhwala a tekiniko anangoti zitsamba ndi zomwe zija, akapeza adyo asinje. Adyo sanapezeke. Ndipo ndinawaona amuna anga madzulo amenewo atakhala pakhonde, akuyang'ana ntchafu za mwana nthawi yaitali, osati mmene bambo amayang'anira mwana wake, koma mmene munthu amayang'anira munda wa mnzake umene wabereka.

Ine ndimaona zinthu. Ndine wamantha, ndipo munthu wamantha maso ake sapuma. Ndinaona kuti patsinde pa nthochi pauma, pamene payenera kukhala chinyontho masiku onse. Ndinaona kuti ndikatha kusambitsa mwana amayi akumathamangira beseni, akuti khala pansi uyamwitse, nditaya ndine. Ndiye tsiku lina ndinawatsatira mwana ali kubere, ndipo ndinawaona akuidutsa nthochi osaima, akuika beseni pamwala, akutembenuka kuyang'ana kuphiri, ndipo amuna anga akutulukira kuseri kwa nzimbe, akutenga beseni, akuthira madzi a mwana wanga mu chakudya cha nsomba, n'kuyamba kukanda ndi manja.

"Amayi, madzi aja akupita kuti?"

"Amangotayika chabe," anatero amayi. "Mlambe ndi wovuta kupeza. Nthochi yanenepa kale, ikufunanso chiyani?"

"Koma munati..."

"Ndinati munthu asadumphepo. Nsomba ili ndi miyendo?"

Amuna anga anauza nthochi kuti amayi anena zoona.

Ine ndinali mwana pakati pa akuluakulu awiri amene kwa nthawi yoyamba anagwirizana chinthu.

Nsomba zinayamba kukula. Sindikunena kukula wamba. Mwezi ukatha amuna anga ankazitunga mu ndowa, kukoleka ndowayo pa sikelo pamtengo wa mapeyala, muvi n'kudumpha, iwo n'kuvula chipewa, kuchivalanso, kuchivulanso. Amayi ankaimirira patali chammbali, kuombera m'manja pang'onopang'ono ngati kutchalitchi. Anthu anayamba kubwera kudzaona, ena mpaka ochokera ku Muloza, kutsidya kwa malire, akutsamira njinga zawo pa nthochi yathu. Ndipo sabata yomweyo ine ndinkapita ku sikelo ya kuchipatala, mwana n'kukolekedwa, muvi n'kuima pomwe unaima mwezi watha. Mwezi wina chimodzimodzi. Mwezi winanso unabwerera m'mbuyo pang'ono. Mizere ija ya pantchafu inafufutika umodziumodzi, ine ndikuona, ndikuifufuza ndi chala m'mawa uliwonse.

Ndinayamba kupita ku tanke ndekha kukaziyang'ana. Ndikafika mwana ali kumbuyo, zonse zinkabwera mbali yanga. Mwana akalira, madzi ankatakataka. Amuna anga ankati zazolowera kuti mthunzi wa munthu ndi chakudya, koma iwo sanaone mmene ina yaikulu inkayasamulira, kukamwa kupotokera mbali imodzi, ndendende mwana wanga akamafuna tulo. Ndinaiona kawiri. Ndinabwerera kunyumba ndikuthamanga, nsalu itamasuka, dzanja limodzi litagwira mwana kumatako.

Kuchipatala anamwino, mayi wamkulu wa magalasi, anandiuza kuti nditsale anzanga atapita.

"Mwanayu amadya chiyani?"

"Bere ndi phala."

"M'phalamo mumathira chiyani?"

"Mchere."

"Nkhuku muli nazo?"

"Tili nazo."

"Mazira amadya ndani?"

"Nsomba."

Anavula magalasi. "Inuyo mayi, ndiwo zanu n'chiyani?"

"Chigwada."

"Matemba simugula?"

"Timagula. Ndi a nsomba."

"Soya?"

"Nsomba."

"Ngumbi zinatuluka zambiri chaka chino."

Anamwino anayang'ana kudenga, kenako anayang'ana mwana, n'kumukoka kachala. "Ndagwira ntchito ino zaka zambiri," anatero, "ndamvapo za abambo omaliza mazira, za mowa, za mitala. Za nsomba ndiyamba lero. Mverani mayi, chimene chimayenera kulowa mwa mwanayu chikulowa m'madzi. Mwezi wa mawa muviwu ukapanda kusuntha, ndikugonekani kuchipatala cha ku vila."

Za mazira ndinamva, sindine chitsiru. Za mlambe sindinawauze, ndinaopa kukalipiridwa. Koma panjira ndinaziika pamodzi: mazira ndi njira imodzi, madzi osambira ndi njira ina, ndipo njira zonse ziwiri zikuthera pa tanke. Thupi la mwana wanga silinasowe. Ndinkadziwa pomwe lili. Linkasambira kuseri kwa nyumba yathu, lili ndi mawanga.

Chimene chinandimaliza ndi ichi. Nditafika pakhomo ndinapeza njinga yamoto yachilendo, kumbuyo kwake atamangirira bokosi loyera losungiramo ayezi. Mwini wake anali bambo wa mimba, wa malo odyera ku vila, atamva mbiri ya nsomba zathu. Anali ataimirira pa tanke ndi amuna anga, akuloza ndi kiyi wa njinga, akuti izi azikazinga ndi mbatatesi, azungu a mapurojekiti ndi madalaivala a magalimoto akuluakulu azinyambita zala. Anati atenga zonse. Amuna anga anali atagwira kale ukonde, nkhope ikuwala, chipewa chili m'khwapa.

Ndinaona madalaivala. Ndinawaona ndithu, atakhala patebulo, akufinyira ndimu pa ntchafu za mwana wanga, kenako akukwera magalimoto awo, wina wa ku Mocuba, wina wa ku Quelimane, wina wowoloka malire, aliyense atanyamula kachidutswa kake m'mimba, ndipo ine ndidzakalondola kuti, ndidzayambira msewu uti? Sindikudziwa mmene ndinafikira pamenepo, koma ndinapezeka nditalowa mu tanke, madzi ali m'chiuno, nsalu ikuyandama, mwana ali kumbuyo ndamukweza mpaka m'khosi, nsomba zikundigunda m'miyendo, kuzizira kukundiluma mafupa.

"Mayi a mwana, mwatani?" anatero amuna anga. "Tulukani, muziopseza."

"Sizipita."

"Akaziwa ali bwinobwino?" anafunsa wa mimba uja.

"Itanani amayi," ndinatero, mano akugundana.

Amayi anabwera okha, anali atamva. Anaima patali, chammbali monga mwa masiku onse. Ndinamasula mwana, ndinamunyamula m'mwamba ndi manja awiri kuti aone miyendo yake, ndipo ndinalankhula zimene sindinalankhulepo kwa amayi chibadwire.

"Amayi, ine munandisambitsa mlambe?"

"Ndinakusambitsa."

"Madzi ake munathira kuti?"

"Pa nthochi."

"Nthochi za pamenepo munagulitsa?"

"Ayi. Za pamenepo sagulitsa. Unadya wekha utamera mano."

"Ndiye izi?"

Amayi anayang'ana miyendo ya mdzukulu wawo, anayang'ana nsomba ina yonenepa imene inkadutsa pafupi ndi bondo langa, anayang'ananso miyendo. Kenako anatembenukira ku nthochi, ngakhale ine ndinalipo, ndipo anailankhula mokweza pang'ono kuti imve bwino.

"Apongozi adziwe kuti talakwitsa. Nsombazi zili ndi mwini wake. Zibwerere kumene zinachokera."

"Kutsidya?" amuna anga anafunsa nthochi.

"Mwa mwana."

Wa mimba uja anaseka, akuganiza kuti ndi njira yathu yokwezera mtengo, ndipo anayamba kuwonjezera. Anafunsa amuna anga kuti kodi pakhomo pano mwamuna ndani. Amuna anga anayang'ana tanke imene anakumba ndi manja awo, anayang'ana nthaka imene tankeyo inakumbidwapo, imene ndi ya amayi, kenako anayang'ana mwana amene ndinali nditamunyamulabe m'mwamba. Ndikuganiza kuti aka kanali koyamba kumuona bwinobwino kuchokera pamene mvula inayamba. Anaika ukonde pansi. Anati, "Bweretsani mwanayo kuno, angagwe." Anamulandira, anamukweza ndi kumutsitsa m'manja monga amachitira ndi ndowa asanaikoleke pa sikelo. Njinga ija inapita bokosi lili gwa, lopanda kanthu.

Amayi ndi amene anaika malamulo. Nsomba izivuulidwa imodziimodzi. Mnofu wofewa usinjidwe, uchotsedwe minga, ulowe m'phala la mwana. Wotsala ndidye ine, chifukwa bere ndi njira yomweyo. Minga ikwiriridwe pa nthochi. Mazira abwerere m'nyumba, nsomba zotsala zidye ngumbi ndi nyongolotsi, zanenepa kale. Panatsala nkhani ya mitu. Madzi a mlambe aja anali atalowa m'nsombazo mpaka kumutu komwe, ndiye mwana sakanadya mutu, ine woyamwitsa sindikanadya, amayi anati iwo zawo zinatha kale. Kutaya sikukanatheka, galu angadye thupi la munthu. Amayi anauza nthochi kuti mitu idye mwini tanke, magazi ndi amodzi, ndipo mutu wa munthu wamkulu unauma kale.

Choncho m'mawa uliwonse amuna anga ankapita ku tanke, kuvuula nsomba imodzi, kuibweretsa pa mbale atagwira ndi manja awiri, nkhope ili ngati ya munthu wonyamula maliro. Ina ankaidziwa. "Iyi inkakonda pakona paja," ankatero. Masana ankakhala pamthunzi wa amayi akuyamwa mutu wake mwakachetechete. Kukoma kwa nsombayo sindinganame, inali yofewa, yamafuta, yofiirira mkati, ndipo ndinkadya ndikupepesa mumtima, osadziwa kuti ndikupepesa ndani.

Mwezi utatha muvi unasuntha. Anamwino anaugogoda ndi chala kuti mwina wakakamira, unakhalabe pomwepo. "Mwasintha chiyani?" anafunsa. Ndinati mwana akudya nsomba. "Zomwe zija?" Ndinati zomwe zija. Anati, "Zabweza ngongole," n'kuitana wotsatira. Mwezi winawo mzere woyamba unabwerera pantchafu yakumanzere, ndinaupeza m'mawa ndikumusambitsa, ndipo madzi ake ndinakathira ndekha pa nthochi, ndinaimirira pomwepo mpaka onse atalowa pansi.

Kamlatho katakonzedwa a tekiniko anabwera. Anapeza nsomba zochepa, zikuluzikulu, ukonde wa pakati utachotsedwa kalekale poti amayi anati abale asamalekanitsidwe. Anafunsa kuti za kumanzere ndi ziti. Amuna anga anafotokoza zonse mwaulemu: za kuwawa mtima, za botolo, za mazira, za mlambe, za mwana. A tekiniko anakhala pamwala paja pomwe pankakhala beseni, anagwira chibwano.

"Ndiye kuti sitidziwa," anatero. "Kaya ndi adyo, kaya ndi mazira, kaya ndi mlambe wanuwo, kaya ndi madzi a phirili. Zonse mwaziika mu mphika umodzi." Sanakalipe. Anapempha kuona mwana, anamunyamula, mwana anawagwira mphuno. "Uyu ndiye wakula," anatero. Anafunsa ngati tingayesenso chaka chamawa, mbali ziwiri, osamvera chisoni mbali iliyonse. Amayi anauza nthochi kuti zimenezo akayesere kwa anthu opanda mtima. Tinawapatsa nthochi ndi chinangwa, nsomba ayi. Sikelo anaiwala, kapena anaisiya dala, ili pamtengo wa mapeyala mpaka pano, ndipo mwana tinkamukweza pomwepo mu ndowa pakati pa mwezi, ine ndikalephera kudikira tsiku la kuchipatala.

Yomaliza inali ija yoyasamula. Ndinapempha kuti ikhale yomaliza, ndipo tsiku lake ndinaikonza ndekha, sindinalole munthu kuigwira. Mwana anali atayamba kuyenda chogwira khoma. Anadya yonse, anapempha ina, ndinamuuza kuti zatha, zonse zili mwa iwe. Anayasamula, kukamwa kupotokera mbali imodzi, n'kugona pamiyendo panga, wolemera mpaka mwendo kuchita dzanzi.

Mu tanke tsopano muli makumba wamba, amadya madeya, palibe amawadziwa nkhope. Mwana akuthamanga, akuthamangitsa mbuzi za agogo ake, ntchafu zikugundana. Anthu amati mantha anga anatha. Sanathe, anangosamuka. Chipewa cha amuna anga chili ndi kalamba kumbuyo, ka timabowo, ndipo ine ndimadziwa bowo limene ankamangapo chaka chija. Tsiku lina ali kosamba ndinachitenga pamsomali kuti ndione. Kalamba anakasunthira pa bowo lina. Ndinawafunsa, anati ndi tsitsi, sanamete. Anameta, ndinadikira, ndinayang'ananso. Kalamba kali pomwepo, pa bowo latsopano.

Sindinawauze amayi. Ndikungoyang'ana.